Yogati wa "probiotic" kwa munthu amene ali pa maantibayotiki: amathandizadi kapena ndi malonda chabe?

Mayi_a_Tadala:
Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere sabata ino. Amuna anga anapatsidwa maantibayotiki a masiku 7 chifukwa cha chilonda cha pamwendo, ndiye kuyambira tsiku lachitatu m'mimba mwangomasuka. Mlamu wanga akuti tigule yogati wolembedwa kuti "probiotic" chifukwa muli tizilombo tamoyo tokonza matumbo. Ine zikundivuta kumvetsa. Chikulire changa ndimadziwa kuti tizilombo ndi timene timadwalitsa, n'chifukwa chake timawiritsa madzi ndi kusamba m'manja. Lero ndikagule tizilombo ndipatse munthu wodwala? Odziwa ndithandizeni.

Kambuzi77:
Malonda basi amayi. Mkaka wosasa ndi mkaka wosasa, kaya alembepo chiyani pachigubu.

Namwino_Wopuma:
Mayi a Tadala, tisanafike ku yogatiyo ndiuzeni kaye. M'chimbudzimo muli magazi? Thupi likutentha? Akupita kangati patsiku? Kutsekula m'mimba munthu ali pa maantibayotiki si kwachilendo, chifukwa mankhwalawo sasankha. Amapha mabakiteriya a pachilondapo pamodzi ndi ena osalakwa omwe amakhala m'matumbo. Kawirikawiri kumasiya kokha mankhwala akatha. Koma pali bakiteriya wina, Clostridioides difficile, amene amapezerapo mwayi anzake akaphedwa, ndipo ameneyo yogati sangamuthe. Mukaona magazi, kutentha thupi, kupotokola kwambiri kapena chimbudzi cha madzi okhaokha chosalekeza, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo. Asasiye mankhwalawo mwa iwo okha, ndipo azimwa madzi ambiri.

Mayi_a_Tadala:
Zikomo amayi. Magazi mulibe, thupi silikutentha, akupita katatu kapena kanayi. Kudya akudya bwinobwino. Pabokosi la mankhwalawo palembedwa kuti doxycycline.

Namwino_Wopuma:
Mwachita bwino kutchula dzinalo. Doxycycline, monganso ciprofloxacin, amagwirana ndi kalisiyamu wa mumkaka, ndiye gawo lina la mankhwala sililowa m'magazi. Yogati adye ndithu ngati akumufuna, koma pasiyane maola awiri kapena atatu ndi nthawi yomwera mapiritsi. Osamezera piritsi ndi yogati.

Wa_mu_Labu:
Ndiyankhe za mantha a tizilombowo, chifukwa ambirife tinakula nawo. Mu 2016 akatswiri a ku Weizmann Institute ku Israel anawerengera kuti munthu wamkulu amayenda ndi mabakiteriya pafupifupi 38 thililiyoni, pamene maselo a thupi lake ndi pafupifupi 30 thililiyoni. Ochuluka zedi amakhala m'matumbo akulu, kumene amagaya zotsalira zimene ife sitingathe kugaya, amapanga mavitamini ena, ndipo amadzaza malo kuti oyambitsa matenda asowe pokhala. Odwalitsa ndi ochepa chabe mwa mitundu yonseyo.

Yogati weniweni amapangidwa ndi mabakiteriya awiri, Streptococcus thermophilus ndi Lactobacillus bulgaricus. Amadya shuga wachilengedwe wa mumkaka, uja amatchedwa lakitozi, n'kutulutsa asidi. Asidiyo ndi amene amalimbitsa mkaka ndi kuupatsa kuwawasa kuja.

Tsono liwu loti probiotic lili ndi tanthauzo lake. Mu 2001 mabungwe a United Nations oona za chakudya ndi zaumoyo, FAO ndi WHO, anasonkhanitsa akatswiri ku Córdoba, Argentina, ndipo anagwirizana kuti ndi tizilombo tamoyo timene, tikadyedwa pamlingo wokwanira, timapindulitsa thanzi la wotidyayo. Onani zinthu zitatuzo: tikhale tamoyo, tichuluke mokwanira, ndipo phindu lake likhale lotsimikizidwa. Phindulo limayendera kamtundu ka bakiteriya, osati banja lonse. Zili ngati agalu. Onse ndi agalu, koma wina amatha kusaka, wina kulondera, wina sadziwa chilichonse mwa ziwirizi. Kafukufuku akapeza kuti kamtundu kena kamachepetsa kutsekula m'mimba, sizitanthauza kuti aliyense wotchedwa Lactobacillus angachite zomwezo.

Kambuzi77:
Ndiye mukugwirizana nane achimwene. Zolembedwa pazigubuzi n'zongokopa anthu.

Wa_mu_Labu:
Ndikugwirizana nanu theka lokha. Bungwe loona za chitetezo cha zakudya ku Ulaya, EFSA, linakana pafupifupi zonse zimene makampani ankafuna kulemba pazigubu zokhudza ma probiotic, monga zoti amalimbitsa chitetezo cha m'thupi, chifukwa umboni sunakwane. Ku America nako, mu 2010 kampani ya Dannon inavomera kulipira madola 21 miliyoni pa nkhani yokokomeza ubwino wa yogati wake wa Activia ndi chakumwa cha DanActive. Apo muli ndi mfundo. Koma EFSA yomweyo mu 2010 inavomereza chinthu chimodzi: mabakiteriya amoyo a mu yogati amathandiza kugaya lakitozi kwa anthu amene amavutika naye, bola akhale osachepera 100 miliyoni pa galamu imodzi. Chimenecho si malonda.

Nachisale_wa_Lero:
Ichi ndiye ndikuchitira umboni ine. Ndikamwa kapu imodzi ya mkaka wamba, pasanathe ola mimba imatupa, kulira ngati ng'oma, mpweya osaneneka. Ndinausiya kwa zaka zambiri ndikuganiza kuti thupi langa limadana ndi chilichonse chochokera ku ng'ombe. Tsiku lina ndinadya yogati wopanda shuga kwa mnzanga chifukwa chochita manyazi kukana, ndipo ndinakhala ndikudikira vuto mpaka usiku, silinabwere. Pano ndimadya pafupifupi tsiku lililonse. Sindinkadziwa chifukwa chake.

Wa_mu_Labu:
Achemwali, simuli nokha. Pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse akuluakulu padziko lapansi sagaya bwino lakitozi, chifukwa chogayira chake m'matumbo chimachepa munthu akasiya kuyamwa. Mu yogati gawo lina la lakitoziyo ladyedwa kale ndi mabakiteriya, komanso mabakiteriyawo amalowa m'mimba atanyamula chogayira chawochawo n'kupitiriza ntchito momwemo. Yogati ndi wolimba, ndiye amatsikanso pang'onopang'ono kuchoka m'chifu. Koma tisiyanitse ndi munthu amene thupi lake limadana ndi mapuloteni a mumkaka, uja amatuluka zidzolo, kutupa milomo kapena kubanika. Ameneyo yogati samuyenera ngakhale pang'ono.

Mlimi_wa_Mkaka:
Ine zogula m'zigubuzi sindizikhulupirira. Ndikakama ng'ombe ndimangothira mkaka m'chiwiya choyera, kuvundikira, pakatha masiku awiri wasasa wokha. Osawiritsa, chifukwa kuwiritsa kumapha tizilombo tabwino tomwe mukunenato. Banja lonse timamwa ndipo tili bwino.

Dotolo_wa_Ziweto:
Abambo, apa ndikutsutsani poyera, ndipo ndikutero chifukwa ndaziona. Mkaka wosawiritsa ungathe kunyamula matenda a brucellosis, aja amachotsetsa ng'ombe bere, ndipo kwa munthu amabweretsa kutentha thupi kobwerabwera, thukuta la usiku ndi kuphwanya kwa mfundo kwa miyezi. Ungathenso kunyamula chifuwa chachikulu cha ng'ombe, Listeria, Salmonella ndi E. coli. Ng'ombe ikhoza kuoneka yonenepa, yathanzi, koma ili nazo. Kusasa kumachepetsa ena mwa mabakiteriyawa koma sikungadaliridwe kuti kuwathe onse, ndipo wa chifuwa chachikulu uja amapirira asidi. Mayi woyembekezera ndi mwana wamng'ono ndi amene amalipira kwambiri. Wiritsani mkakawo, uzizire, kenako muthiremo mbewu yochokera ku yogati wabwino. Tizilombo tabwino mwatibwezeramo nokha, toipa mwatipha.

Mlimi_wa_Mkaka:
Zaka 20 ndikuchita zimenezi adokotala, palibe wadwala.

Dotolo_wa_Ziweto:
Ndikuthokoza kuti palibe wadwala. Kodi ng'ombe zanuzo zinayezedwapo? Ndipo mukagula ina yatsopano mumadziwa kumene yachokera? Ng'ombe imodzi yokha yodwala ndi yokwanira kusintha zaka 20 zimenezo. Ngati simukufuna kuwiritsa, chonde ziyezetseni, ndipo adzukulu aang'ono muziwapatsa wowiritsa.

Kadzidzi_Usiku:
Pepani ndipatuke pang'ono. Ndayesa kawiri kupanga yogati pakhomo, kawiri konse wangokhala madzi. Ndikulakwitsa pati?

Mphika_Wadothi:
Ndakhala ndikupanga kwa zaka zambiri, ndikuuzeni mmene ndimachitira. Tenthetsani mkaka mpaka utatsala pang'ono kuwira, cha m'ma digiri 85, muusunge pamenepo kwa mphindi zingapo mukutakasa kuti usapserere. Kutenthetsako kumapha tizilombo tina komanso kumathandiza kuti yogati adzalimbe bwino. Kenako uzizire mpaka cha m'ma digiri 43. Ngati mulibe choyezera, dontheza pang'ono padzanja: uzimveka wofunda ndithu koma wosawotcha. Apo thirani supuni ziwiri za yogati wopanda shuga pa lita imodzi, takasani pang'ono, thirani mu fulasiki kapena kulungani mphikawo m'bulangete. Musaugwedeze kwa maola 6 kapena 8. Ukalimba, mufiriji. Ambiri amalakwitsa pothira mbewu mkaka ukadali wotentha kwambiri, mabakiteriya n'kufera pomwepo. Ena amagwiritsa ntchito mbewu yakufa kale.

Kadzidzi_Usiku:
Mbewu yakufa ndiye iti? Ine ndinagula yogati uja amakhala pashelefu osalowa mufiriji, wokhalitsa miyezi.

Mphika_Wadothi:
Vuto lanu ndi limenelo. Amene uja amamutenthetsanso akatha kusasa kuti asaonongeke msanga, ndiye mulibe chamoyo. Mapuloteni ndi kalisiyamu alimo, koma sangaberekenso yogati wina. Gulani wa mufiriji, wolembedwa kuti muli mabakiteriya amoyo, ndipo tsiku lake lothera likhale lidakali patali.

Dotolo_wa_Ziweto:
Ndionjezere chifukwa china. Ng'ombe ikabayidwa maantibayotiki, mkaka wake umakhala ndi mankhwalawo kwa masiku angapo, ndipo suyenera kugulitsidwa mpaka masiku olembedwa pabotolo atatha. Mkaka wotere mukauthira mbewu sulimba, chifukwa mankhwala amapha mbewuyo. Ndiye mukachita zonse bwino koma osalimba, kayikirani mkakawo.

Wokonda_Mbiri:
Nkhaniyi ndi yakale kuposa mmene ambiri amaganizira. Mu 1905 wophunzira zaudokotala wa ku Bulgaria, Stamen Grigorov, ali ku Geneva, anapeza bakiteriya wa mumkaka wosasa wakwawo, n'chifukwa chake dzina lija lili ndi bulgaricus. Élie Metchnikoff wa ku Pasteur Institute ku Paris anatenga nkhaniyo n'kuyamba kuphunzitsa kuti ukalamba umabwera chifukwa cha poizoni wa mabakiteriya owoletsa zinthu m'matumbo, ndipo kuti alimi a ku Bulgaria amakhala zaka zambiri chifukwa chomwa mkaka wosasa. Anali munthu wolemekezeka, analandira mphoto ya Nobel mu 1908 pa ntchito yake ya chitetezo cha m'thupi, ndiye anthu anamumvera. Mu 1919 Isaac Carasso atayamba kupanga yogati wa Danone ku Barcelona, ankamugulitsa m'mafamase ngati mankhwala. Ku Japan, Minoru Shirota anasankha bakiteriya wake wopirira asidi wa m'chifu, ndipo chakumwa cha Yakult chopangidwa ndi bakiteriyayo chinayamba kugulitsidwa mu 1935. Metchnikoff mwiniwakeyo ankamwa mkaka wosasa tsiku ndi tsiku, anamwalira mu 1916 ali ndi zaka 71. Maganizo ake oti mkakawu umatalikitsa moyo sanatsimikizidwe, koma ndi iye anatsegula maso a anthu kuti za m'matumbo zimakhudza thupi lonse.

Mayi_a_Tadala:
Ndaphunzira zambiri, koma abale tibwerere kwa wodwala wanga. Ndigule kapena ndisagule?

Wa_mu_Labu:
Pepani amayi, tinakuiwalani. Pa nkhani ya kutsekula m'mimba kobwera ndi maantibayotiki, apa ndi pamodzi mwa malo ochepa pamene umboni ulipo ndithu. Kafukufuku wambiri akaphatikizidwa, amaonetsa kuti ma probiotic ena amachepetsa vutoli, makamaka akayambidwa msanga munthu atangoyamba mankhwala. Awiri amene ayesedwa kwambiri ndi Lactobacillus rhamnosus GG, amene anapezedwa ndi Sherwood Gorbach ndi Barry Goldin m'zaka za m'ma 1980, ndi yisiti wina wotchedwa Saccharomyces boulardii. Yisitiyo ali ndi mwayi woti maantibayotiki samupha, popeza si bakiteriya. Koma awiriwa sapezeka mu yogati aliyense, ndipo mlingo umene amagwiritsa ntchito pa kafukufuku ndi waukulu, mabiliyoni angapo patsiku. Yogati wamba sanayesedwe mokwanira pa vuto limeneli.

Palinso mbali ina imene siyenera kubisidwa. Mu 2018 gulu la Eran Elinav ndi Eran Segal ku Weizmann linapeza kuti anthu amene anapatsidwa ma probiotic a mitundu 11 atamaliza maantibayotiki, mabakiteriya awo enieni a m'matumbo anachedwa kubwerera poyerekeza ndi amene sanapatsidwe kanthu. Anali anthu ochepa, ndipo anali mapiritsi osati yogati, koma zikutiuza kuti nkhaniyi si yongoti thira ambiri upindule kwambiri. Anapezanso kuti kwa anthu ena mabakiteriya akumwawo amangodutsa osakhazikika.

Ndiye kwa abambowo ndinganene chonchi: yogati wopanda shuga, wamoyo, kapu imodzi patsiku, kutali ndi nthawi ya mapiritsi monga anenera anamwino. Ndi chakudya chofewa, chopatsa mphamvu, ndipo chingathandize. Musamutenge ngati mankhwala.

Bambo_a_Mapasa:
Ine ndikutsutsa zoti si mankhwala. Mwana wanga wa zaka ziwiri anatsekula m'mimba, ndinamupatsa yogati masiku atatu, anachira. Ndinaona ndi maso anga.

Namwino_Wopuma:
Ndikukondwa kuti mwanayo anachira abambo. Koma kutsekula m'mimba kwa ana kochuluka kumayamba ndi mavayirasi ndipo kumatha kokha pamasiku atatu mpaka asanu, ndiye chilichonse chimene mwapereka masiku amenewo chimaoneka ngati ndicho chachiritsa. Mu 2018 magazini ya zaumoyo ya New England Journal of Medicine inafalitsa kafukufuku awiri akuluakulu, wina wa ku America wina wa ku Canada, aliyense wa ana pafupifupi 900. Ana ena anapatsidwa ma probiotic, ena ufa wopanda kanthu, ndipo sipanaoneke kusiyana pa kuchira. Chimene chimapha mwana si kutsekulako koma kutha madzi m'thupi. Zopulumutsa moyo ndi madzi a ORS, zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndi kupitiriza kuyamwitsa ndi kudyetsa. Yogati mwana wopitirira miyezi 6 angadye ngati chakudya. Ndakhala m'chipinda cha ana zaka zambiri, ndipo amene ankabwera maso atalowa m'kati anali aja makolo awo anayamba ayesa zina zonse kunyumba. Chonde ORS akhale woyamba.

Bambo_a_Mapasa:
ORS ndinamupatsanso amayi, ndinangoiwala kutchula. Ndamva.

Shuga_Sandigonjetsa:
Nanga ife a matenda a shuga? Ndinamva kuti yogati amateteza.

Wa_mu_Labu:
Mu Malichi 2024 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, FDA, linalola opanga yogati kulemba kuti kudya makapu osachepera awiri pasabata kungachepetse chiopsezo chodwala shuga wa mtundu wachiwiri, koma linalamula kuti alembenso kuti umboni wake ndi wochepa. Umboniwo unachokera poona kadyedwe ka anthu ambiri kwa zaka, ndipo odya yogati kawirikawiri amakhalanso osamala pa zina. Komanso akunena za kupewa, osati kuchiza amene wadwala kale. Kwa inu chofunika kwambiri ndi kuwerenga pachigubu. Yogati wa zipatso ndi uja wakumwa amathiridwa shuga wambiri, supuni zingapo m'kachigubu kamodzi. Tengani wopanda shuga.

Nachisale_wa_Lero:
Wina anayesapo kefir? Mnzanga wandipatsa timibulu toyera ngati kolifulawa akuti ndithire mumkaka.

Mphika_Wadothi:
Landirani ndi manja awiri achemwali. Kefir ndi mkaka wosasa wakumwa, anachokera kumapiri a Caucasus. Timibuluto ndi mudzi wa mabakiteriya amitundumitundu ndi yisiti okhalira pamodzi, ndiye mitundu yake ndi yochuluka kuposa ya mu yogati. Safuna kufunditsa ngati yogati. Thirani mumkaka wowiritsa wozizira, siyani pamalo abwino m'nyumba kwa tsiku limodzi, sefani, timibuluto muthire mumkaka wina. Timakula, mudzagawiranso ena. Amachita thovu pang'ono ndipo yisitiyo imapanga kamowa kochepa kwambiri, ndikunena kuti amene safuna mowa ngakhale dontho adziwe. Yambani ndi theka la kapu, chifukwa masiku oyamba mimba imatha kuchita mpweya.

Wa_mu_Labu:
Pa zakudya zosasitsazi pali kafukufuku wina wa ku Stanford wa mu 2021 amene amandisangalatsa. Anthu 36 anawagawa pawiri kwa masabata 10. Gulu lodya zosasitsa zambiri, monga yogati, kefir ndi ndiwo zamasamba zosasitsa, mitundu ya mabakiteriya m'matumbo mwawo inachuluka ndipo zizindikiro zingapo za kutupa m'magazi zinatsika. Chodabwitsa n'chakuti mabakiteriya ambiri atsopanowo sanali ochokera m'zakudyazo. Zikuoneka kuti chakudyacho chinasintha malo okhala m'matumbo, ena amene analipo ochepa n'kuyamba kuchuluka. Anthu 36 ndi ochepa, ndipo ankadya zochuluka zedi patsiku, koma ndi njira yoyenera kuitsatira.

Kambuzi77:
Chabwino, pa lakitozi ndavomera. Koma ndifunse: ngati n'zamoyo, palibe amene zingamupweteke?

Namwino_Wopuma:
Funso labwino kwambiri limeneli. Kwa munthu wathanzi yogati alibe vuto. Koma mapiritsi ndi ufa wa ma probiotic si wa aliyense. Ku Netherlands, kafukufuku wofalitsidwa mu 2008 pa odwala kwambiri kapamba anapeza kuti amene anapatsidwa ma probiotic anamwalira ambiri kuposa amene sanapatsidwe. Mu 2023 FDA inachenjeza zipatala za kupatsa ma probiotic makanda obadwa masiku osakwana, khanda lina litamwalira bakiteriya wa m'mankhwalawo atalowa m'magazi. Amene chitetezo chawo chatsika kwambiri, amene akulandira mankhwala a khansa, amene anaikidwa chiwalo cha munthu wina, amene ali ndi chubu cholowa mumtsempha waukulu, afunse dokotala wawo kaye asanamwe mapiritsi otere, ndipo mkaka wosawiritsa asauyandikire.

Mlimi_wa_Mkaka:
Adokotala a ziweto, ndaganizira zimene munanena. Mpongozi wanga ndi woyembekezera ndipo amamwa nawo mkakawu. Kuyambira mawa ndiwiritsa. Koma mbewuyo ndingaigwiritse ntchito kangati ndisanagule ina?

Mphika_Wadothi:
Mwaganiza bwino abambo. Nthawi iliyonse mukapanga, patulani supuni zingapo m'kabotolo koyera musanayambe kudya, musunge mufiriji, mugwiritse ntchito pasanathe sabata. Ine imanditengera maulendo anayi kapena asanu, kenako yogati amayamba kuwawasa kwambiri kapena kulekana ndi madzi, apo ndimagula mbewu yatsopano. Mukaona nkhungu, mtundu wachilendo kapena fungo lowola, tayani zonse, musapungule pamwamba pokha.

Mayi_a_Tadala:
Ndabwera kudzapereka lipoti. Ndinagula wopanda shuga wa mufiriji, pachigubu panalembedwa mayina a mabakiteriya awiri aja ndi wina wachitatu, Bifidobacterium. Abambo amamwa piritsi m'mawa ndi madzulo, ndiye yogati ndikumawapatsa masana. Dzulo anapita kawiri kokha. Kaya ndi yogatiyo kaya kumatha kokha, sindinganene, mankhwala atsala a tsiku limodzi. Chilonda chikuuma bwino. A Mphika_Wadothi, ndasiyako supuni ziwiri m'chigubumo, Loweruka ndiyesa kupanga wanga. Fulasiki yathu ndi ya lita imodzi ndi theka, ndithire supuni zitatu?

Mphika_Wadothi:
Zitatu zili bwino, koma ziwirizo zikwananso, angochedwerako pang'ono kulimba. Fulasikiyo muyambe mwaitsuka ndi madzi otentha kuti ifunde, ndipo musaidzaze mpaka pakamwa.